Mkonzi ali zii, ndalama sizikubwera: kuthetsa mavuto a wolemba za maulendo wodziimira payekha

Anthu olemba nkhani za maulendo popanda kulembedwa ntchito ndi kampani iliyonse amadandaula zinthu zomwezomwezo chaka ndi chaka. Mkonzi sakuyankha. Nkhani inatuluka koma malipiro sakuoneka. Ulendo wadya zambiri kuposa zimene wabweretsa. Madandaulo amenewa ndawamva kwa oyamba kumene ndi kwa akale pantchitoyi, ndipo ena andigwerapo ineyo. Chimene ndaona n'chakuti vuto limaonekera kumapeto, koma nthawi zambiri limakhala litabadwa munthu asanamange n'komwe chikwama, pa imelo yoyamba ija imene sinafunse zoyenera kufunsa. Pa chizindikiro chilichonse m'munsimu ndayamba ndi chifukwa chofala kwambiri, n'kumatsika mpaka chosowa. Yambirani pamwamba, musathamangire choopsa.

## Mwatumiza ganizo la nkhani, yankho palibe

Kalata yachidule yotsatsira nkhani kwa mkonzi, imene pantchitoyi timaitcha pitch, ndiyo khomo la zonse. Masabata akamapita osamva kanthu, fufuzani motere.

1. Mwatsatsa malo, osati nkhani. Apa ndi pamene amagwa ambiri. "Ndikupita ku Zanzibar mwezi wamawa, kodi mungafune nkhani?" si ganizo la nkhani ayi, mwangomuuza za ulendo wanu. Makalata otere mkonzi amawalandira tsiku lililonse, ndipo za Zanzibar anasindikizapo kale kangapo. Koma nenani kuti mukakhala masiku 3 ndi amayi olima ndere za m'nyanja ku Paje, ku Zanzibar komweko, amene ulimi wawo ukuvuta chifukwa madzi a m'mphepete akutentha, moti ena ayamba kuphunzira kusambira ali akuluakulu kuti akalime kwakuya. Pamenepo mwaikamo munthu, vuto, ndi chinthu chimene chikusintha. Chimodzimodzi njanji ya TAZARA. Kuti ndi ya makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam kukafika ku Kapiri Mposhi, ndipo inatha kumangidwa mu 1975, n'zoona, koma aliyense angazipeze ali pampando. Nkhani ili pa amene akukwera sitimayo lero ndi chimene chawakweretsa.

Yesani ganizo lanu chonchi:
- Lembani mutu wake m'mawu osapitirira 12. Mutu ukakana kutuluka, ganizolo silinapse.
- Yankhani mafunso awiri: bwanji nkhaniyi lero osati chaka chatha, nanga bwanji inuyo osati wina?
- Tchulani munthu mmodzi amene mukacheza naye, ndipo akhale woti wavomera kale.

2. Mwalembera munthu wolakwika. Akonzi amasintha ntchito pafupipafupi, ndipo bokosi la imelo la kampani yonse silikhala ndi mwini wake weniweni. Onani tsamba la mayina a ogwira ntchito m'kope laposachedwa, mupeze amene amayang'anira chigawo chimene mukufuna. Magazini ambiri, monga Condé Nast Traveler ndi National Geographic Traveller, amagawa masamba awo m'zigawo zokhala ndi utali wake ndi kalembedwe kake. Tchulani chigawocho ndi dzina lake, mkonzi adziwe kuti mumawerenga.

3. Analembapo kale. Sakani dzina la malowo pa webusaiti yawo, mubwerere m'mbuyo zaka 2. Ngati ilipo nkhani yofanana, nenani nokha kuti mwaiona ndipo fotokozani pamene yanu yasiyana nayo. Ngati simungathe kusonyeza kusiyanako, pitani nayo kwina.

4. Nthawi yadutsa. Magazini osindikizidwa papepala amakonza makope awo miyezi 3 mpaka 6 pasadakhale, ena kuposa pamenepo. Nkhani ya Khirisimasi yotumizidwa mu November yachedwa kale. Za pa intaneti zimathamanga, koma nazonso zili ndi kalendala.

5. Kalata yatalika kapena yadzaza malingaliro. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ganizo limodzi, mawu osapitirira 300, ndi malinki awiri kapena atatu a nkhani zanu zakale. Musamatepo mafayilo.

6. Imelo yagwera m'bokosi la zinyalala. Izi zimachitika mwa apo ndi apo, makamaka kalata ikakhala ndi mafayilo kapena malinki ambiri. Dzitumizireni nokha ku adiresi ina muone kumene yafikira.

Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, kumbutsani kamodzi, pa imelo yomwe ija, m'mizere iwiri. Kukakhalabe zii kwa sabata ina, ganizolo ndi lanu, ligulitseni kwina. Ngati nkhaniyo ndi yomangidwa pa tsiku, nenani poyambirira kuti mudikira mpaka tsiku lakuti.

Imani mufunse ena ngati mwatumiza makalata 20 motsatizana popanda ngakhale yankho lokana. Kutumiza ena 20 olembedwa chimodzimodzi sikusintha kanthu. Pemphani wolemba amene akugulitsa nkhani panopa akuwerengereni makalata atatu. Mabungwe ngati British Guild of Travel Writers, lomwe linayamba mu 1960, ndi Society of American Travel Writers amasonkhanitsa anthu otere, ndipo pamisonkhano ya zokopa alendo monga ITB Berlin mu March ndi World Travel Market ku London mu November mumatha kukumana nawo maso ndi maso.

## Anavomera, koma nkhani yabwezedwa kapena yaphedwa

1. Simunamvane chimene akugula. Mawu oti "chabwino, lembani" si mgwirizano. Musananyamuke, lembani imelo imodzi yobwereza zimene mwamva: utali wa nkhani, mbali imene ikuyang'ana, tsiku loipereka, malipiro, amene apereke zithunzi, ndiponso kuti kukonza mobwereza kudzakhala kangati. Mkonzi akangoyankha kuti "inde", muli ndi pogwira.

2. Mwalemba ndandanda ya masiku. Tinadzuka, tinakwera basi, tinafika. Wowerenga sanabwere kudzaperekeza inu. Chotsani ndime ziwiri zoyamba muone ngati nkhani yataya kanthu. Kawirikawiri imayambira pa ndime yachitatu.

3. Mawu ake ndi a kapepala kotsatsa malonda. Malo okongola mochititsa kaso, anthu ansangala, bata losaneneka. Mawu amenewa akukwana pa malo aliwonse pansi pano, n'chifukwa chake sanena chilichonse. Mankhwala ake ali m'kabuku kanu ka m'thumba, osati pakompyuta. Tsiku lina ndinali m'boti laling'ono pamtsinje, dzuwa likulowa. Tisanafike pokhota, woyendetsa anazimitsa injini, n'kupendeketsa mutu ngati akumvetsera wina akunong'ona. Anati madzi akamayenda pamwamba pa mchenga wosaya amalira mosiyana ndi akuya, ndipo mchengawo umasamuka mvula iliyonse, choncho zimene anadziwa chaka chatha sazikhulupirira. Ndinalemba pomwepo, pepala litanyowa m'mphepete. Pa zonse za ulendo umenewo, mkonzi anasunga ndime imeneyo osasintha liwu. Zotere sizikumbukika mukafika kunyumba. Lembani tsiku lomwelo mtundu wa chitseko, fungo la pakhonde, ndi mawu enieni amene munthu wanena.

4. Mfundo zilibe umboni. Magazini akuluakulu ali ndi anthu otsimikiza mfundo, ndipo adzakufunsani kumene munatenga dzina lililonse, chaka chilichonse ndi mtunda uliwonse. Sungani manambala a amene munacheza nawo, mawu ojambulidwa, ndi zithunzi za zikwangwani.

5. Zasintha kwa iwo. Mkonzi wachoka, masamba achepa, kapena kumalo amene munalemba kwagwa chivomezi. Apa cholakwa si chanu. Funsani ndalama yopepesera nkhani yophedwa, imene amaitcha kill fee. Nthawi zambiri imakhala pakati pa 25 ndi 50 peresenti ya malipiro, koma imaperekedwa mosavuta pokhapokha inalembedwa mu mgwirizano. Pemphaninso akulembereni kuti umwini wa nkhaniyo wabwerera kwa inu kuti muigulitse kwina.

## Nkhani inatuluka, ndalama sizikubwera

Vuto ili ndilo limachotsa anthu pantchitoyi kuposa lina lililonse, ndipo limawawa chifukwa mbali yanu munaikwaniritsa. Komabe musayambe ndi kuganiza kuti akuberani. Nthawi zambiri ndalama imakhala yakodwa penapake m'mapepala.

1. Invoisi, kalata yofunsira malipiro anu, sinapite, kapena ili ndi chosowa. Mkonzi ndi wina, wolipira ndi wina. Makampani ambiri salipira invoisi yopanda nambala yawo ya oda, imene amailemba kuti PO. Ndinadikirapo miyezi 4 malipiro a nkhani ina. Mkonzi ankakhulupirira kuti ndinalandira kalekale, ine ndinkaopa kuoneka wovuta. Nditafunsa ku ofesi ya zachuma, mayi wina anandiyankha tsiku lomwelo kuti invoisi yanga ili mufoda ya zosakwanira chifukwa pakona yakumanja panalibe nambala imodzi yokha. Nditaiika, ndalama inalowa sabata yotsatira. Safunsa anadya phula. Invoisi iliyonse ikhale ndi izi:
- dzina lanu monga lilili ku banki, ndi adiresi
- nambala ya invoisi ndi tsiku
- mutu wa nkhani, dzina la mkonzi, ndi nambala ya oda ngati ilipo
- kuchuluka kwa ndalama ndi mtundu wake, kaya madola, mapaundi kapena mayuro
- tsiku lomaliza kulipira

2. Simunalembetsedwe m'kaundula wa olipidwa. Kampani ya ku America imafuna kuti munthu wakunja adzaze fomu ya msonkho ya W-8BEN. Popanda fomuyi ena salipira n'komwe, ena amadula msonkho umene ungafike 30 peresenti. Fomuyi imagwira ntchito mpaka kumapeto kwa chaka chachitatu kuchokera chaka chimene munaisaina, choncho kampani imene inkakulipirani bwinobwino ikaima mwadzidzidzi, onani ngati sinathe mphamvu.

3. Nthawi yake sinakwane monga iwo amawerengera. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa kulipidwa nkhani ikalandiridwa ndi kulipidwa ikasindikizidwa. Nkhani yoperekedwa mu February ikhoza kutuluka mu September, ndiyeno n'kuwonjezera masiku 30, 60 kapena 90 a ofesi ya zachuma. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: ndalama ya nkhani imene sinatuluke musaiwerengere pa lendi. Pokambirana, pemphani kulipidwa ikalandiridwa. Akakana, pemphani tsiku loti likadutsa alipire ndithu, kaya yatuluka kaya ayi.

4. Yakodwa m'njira ya banki. Chilembo chimodzi cholakwika mu nambala ya banki (SWIFT) kapena ya akaunti (IBAN) chimabweza ndalama, ndipo ulendo wobwererawo umatenga masabata. Dzina la pa invoisi likasiyana ndi la pa akaunti, banki ikhoza kuigwira. Mabanki apakatikati nawonso amadula zawo, n'chifukwa chake nthawi zina imafika yoperewera. Pemphani wolipirayo umboni woti anatumiza, chikalata chimene mabanki akhala akuchidziwa ndi dzina loti MT103, mupite nacho ku banki yanu akaitsate. Njira ngati PayPal, Wise ndi Payoneer sizigwira ntchito mofanana m'mayiko onse. Kwina mumatha kutumiza koma osalandira. Tsimikizani zimenezi musanavomere njira yolipirira.

5. Kampani ili pamavuto a zachuma. Zizindikiro zake: malonjezo a sabata yamawa osatha, olemba anzanu akudandaula chimodzimodzi, akonzi akuchoka motsatizana. Lekani kuwapatsa nkhani zina mpaka ngongole ithe, ngakhale mkonziyo akhale munthu wabwino chotani.

6. Panalibe magazini n'komwe. Izi n'zosowa koma zilipo. Aliyense wokuuzani kuti mulipire kaye kuti nkhani yanu ituluke, kapena wokutumizirani cheke choposa malipiro n'kupempha kuti mubweze chotsala, ndi wakuba.

Potsata ngongole, yendani motere:
- Tsiku loyamba itadutsa nthawi, kumbutsani mwaulemu, mutumizenso invoisi.
- Pakatha masiku 7, lemberani ofesi ya zachuma mwachindunji, mkonzi aone nawo kalatayo.
- Pakatha masiku 30, lembani kalata yotchula tsiku lomaliza ndi chimene muchite likadutsa.

Malamulo ena ali kumbali yanu. Ku Britain, lamulo la 1998 la ngongole zochedwa pakati pa ochita malonda limalola kulipiritsa chiwongola dzanja cha 8 peresenti pamwamba pa mlingo wa Bank of England, kuphatikizapo mapaundi 40 pa ngongole yosafika mapaundi 1,000. Mumzinda wa New York, lamulo la Freelance Isn't Free Act, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2017, limafuna mgwirizano wolembedwa pa ntchito ya madola 800 kapena kuposa, ndipo ngati tsiku lolipira silinatchulidwe, malipiro aperekedwe pasanathe masiku 30 ntchito itatha. Kungotchula lamulo loyenera m'kalata nthawi zambiri kumadzutsa ofesi imene inagona.

Pitani kwa loya kapena bungwe la atolankhani ngati ndalamayo ndi yaikulu kwa inu ndipo padutsa masiku 90, ngati akukana kuti panali mgwirizano, kapena mwamva kuti kampaniyo ikutsekedwa. Pamenepa pamakhala masiku oikika operekera dandaulo, ndipo akadutsa, adutsa. Loya ndi amenenso angakuuzeni ngati lamulo la dziko lawo likukutetezani inu muli kunja. Musayambe kuwanyoza pa Facebook musanalankhule naye.

## Ulendo ukudya zambiri kuposa zimene ukubweretsa

1. Ulendo umodzi, nkhani imodzi. Masamu ake sagwira. Musanagule tikiti, khalani ndi nkhani imodzi yovomerezedwa ndi malingaliro ena awiri kapena atatu osiyana ndithu, opita ku magazini osapikisana: ina ya anthu, ina ya malangizo a kayendedwe, ina ya mbiri ya malowo.

2. Simunafunse za ndalama zoyendera. Ena amabweza, ambiri sabweza. Funsani musanapite, ndipo malire ake alembedwe. Jambulani lisiti iliyonse tsiku lomwelo chifukwa inki ya timapepala ta m'makina imafufutika msanga.

3. Munagulitsa umwini wonse. Mgwirizano ukanena kuti all rights kapena work for hire, nkhaniyo si yanunso, simungaigulitsenso kapena kuiika m'buku lanu. Pemphani kuti agule ufulu woyamba kusindikiza, kapena akhale nayo okha kwa miyezi yowerengeka. Ambiri amakana, koma ena amavomera mukangofunsa.

4. Simukuwerengera masiku onse. Gawani malipiro ndi masiku onse amene nkhaniyo yadya, kuyambira kufufuza, kuyenda, kulemba, kukonza, mpaka kutsata invoisi. Chotsatira chake n'chimene mukulandira patsiku, ndipo n'chimene chikuuzeni makasitomala oyenera kuwasiya.

5. Msika wachepa. Magazini a m'ndege, amene kale ankadyetsa olemba ambiri, anagwa kwambiri nthawi ya Covid-19. Delta Sky inatsekedwa mu 2020, ndipo American Way inasiya kusindikizidwa mu 2021. Olemba ambiri tsopano amaphatikiza nkhani za maulendo ndi ntchito zina zolemba, monga kukonzanso mabuku otsogolera alendo. Palibe chamanyazi pamenepo.

Funsani wodziwa za misonkho mukayamba kulandira ndalama kuchokera m'mayiko angapo, kapena mukamakhala miyezi yambiri kunja. Malamulo onena za kumene muyenera kukhoma msonkho sayenera kungoganiziridwa.

## Okulipirirani ulendo akufuna kulamula zolemba

Maulendo olipiridwa ndi mahotela kapena mabungwe okopa alendo amathandiza wolemba kufika kumene sakanafika, koma walira mvula walira matope.

- Munalonjeza zimene si zanu. Simungalonjeze kuti nkhani idzatuluka, chifukwa wosankha ndi mkonzi. Nenani zoona: kuti muli ndi nkhani yovomerezedwa, kapena kuti mudzayesa kuitsatsa.
- Simunauze mkonzi. Nyuzipepala zina, monga The New York Times, sizilandira nkhani zochokera pa ulendo waulere kapena wochotseredwa mtengo. Ena amalandira bola zinenedwe poyera. Muuzeni mu pitch momwemo, asadzamve kwa ena.
- Akufuna kuwerenga nkhani isanatuluke. Kanani mwaulemu. Mungawatumizire mfundo zoti atsimikize, monga mayina ndi nthawi zotsegulira, osati nkhani yonse.
- Zimene mwaona si zabwino. Auzeni muli komweko kuti ayankhepo, kenako kambiranani ndi mkonzi. Kusalemba n'kololedwa. Kulemba bodza kumapweteka munthu amene adzawononge ndalama zake chifukwa chokhulupirira inu.

Mukaika zithunzi za ulendo wotere pa Instagram kapena kwina, nenani momveka kuti munalipiriridwa. Mabungwe oyang'anira kutsatsa malonda, la FTC ku America ndi la ASA ku Britain, amafuna zimenezi.

## Akuimitsani pabwalo la ndege kapena pachipata cha dziko

1. Pasipoti. Mayiko ambiri amafuna kuti ikhale ndi miyezi 6 isanathe ndiponso masamba opanda chidindo. Mayiko a Schengen, omwe ndi mayiko ambiri a ku Ulaya, amafuna miyezi 3 kupitirira tsiku lotuluka, pasipoti yosapitirira zaka 10 chiperekedwere, ndipo mlendo sakhalamo masiku oposa 90 pa masiku 180 alionse. Masikuwo amawerengedwa m'mayiko onsewo pamodzi, osati dziko lililonse palokha.

2. Mtundu wa viza. Viza ya mlendo wokaona malo si chilolezo chogwirira ntchito ya utolankhani. America ili ndi viza ya I ya atolankhani akunja, India ili ndi ya J. Funsani ku ofesi ya kazembe polemba kalata, mufotokoze chimene mukukachita, ndipo yankho lawo muyende nalo.

3. Khadi la katemera wa yellow fever. Limafunsidwa makamaka mukachokera kapena kudutsa m'dziko limene muli matendawa. Limayamba kugwira ntchito patatha masiku 10 chibayidwire, ndipo kuyambira mu July 2016 malamulo a WHO amati ndi la moyo wonse.

4. Zida. Morocco imalanda drone yolowa popanda chilolezo, ndipo si dziko lokhalo. Power bank ndi mabatire apadera a lithium amayenda m'chikwama cha m'manja, osati chopita pansi pa ndege. Osapitirira 100 Wh (muyeso wa mphamvu ya batire) amaloledwa, a pakati pa 100 ndi 160 Wh amafuna chilolezo cha kampani ya ndege. Power bank ya 20,000 mAh imakhala pafupifupi 74 Wh.

Lekani kudzithandiza nokha akakutengerani m'chipinda, akalanda foni kapena pasipoti, kapena akakupatsani pepala loti musaine. Musaname za ntchito yanu. Pemphani kulankhula ndi ofesi ya kazembe wa dziko lanu, musasaine chimene simungathe kuchiwerenga, ndipo mkonzi wanu adziwe mwamsanga.

## Zolemba kapena zithunzi zasowa

Chofala n'chakuti zonse zinali pamalo amodzi. Sungani makope 3, pa zipangizo za mitundu 2, limodzi likhale kutali ndi inu, monga pa intaneti. Madzulo alionse jambulani masamba a kabuku kanu ndi foni.

Memory card ikakana kutseguka, itulutseni pomwepo, musajambulirepo china, ndipo kompyuta ikakufunsani kuti muifomate, kutanthauza kufufuta zonse, kanani. Zofufutidwa zimabwezeka bola pasalembedwe zatsopano pamwamba pake. Hard drive ikayamba kulira kuti ke-ke-ke, izimitseni muipereke kwa akatswiri obweza mafayilo, chifukwa kuiyatsayatsa kumaonjezera kuwonongeka.

Chikwama chikasowa pandege, dzazani fomu yodandaulira katundu, yotchedwa PIR, musanatuluke m'bwalo. Pangano la Montreal la 1999, la maulendo a pandege, limapereka masiku 7 odandaulira polemba ngati katundu wawonongeka, ndi masiku 21 ngati anachedwa, kuwerengera tsiku limene mwamulandira.

## Nkhani yatuluka, wina akuti mwalakwitsa kapena wina waiba

Zolakwika zambiri ndi kalembedwe ka mayina, mitengo ndi nthawi zimene zasintha pakati pa ulendo ndi kusindikiza. Onani m'zolemba zanu. Ngati mwalakwadi, uzani mkonzi tsiku lomwelo, mumupatse mfundo yolondola ndi umboni wake. Ngati cholakwikacho chinalowa pokonza, musonyezeni zimene munatumiza, popanda kuloza chala.

Mukapeza nkhani kapena chithunzi chanu pa webusaiti ya ena, yambani mwaona mgwirizano wanu, mwina magaziniyo ili ndi ufulu wogulitsa kwa anzake. Ngati ilibe, jambulani tsambalo tsiku likuoneka, mulembe kalata yopempha kuti achotse kapena alipire. M'mayiko a Pangano la Berne loteteza umwini wa zolemba, lomwe linayamba mu 1886, umwini umayamba pamene mwalemba, osadikira kulembetsa.

Kalata yoopseza kukusumirani chifukwa choipitsa mbiri musaiyankhe nokha. Musapepese, musafufute kanthu m'zolemba zanu. Itumizeni kwa mkonzi ola lomwelo, ndipo funsani ngati loya wa kampaniyo akuimiraninso inu. Migwirizano ina imakankhira mlandu wonse kwa wolemba, ndipo ngati wanu uli wotero, mufunika loya wanuwanu.

## Mwabwerako, thupi silili bwino, tsiku lopereka nkhani layandikira

Nthawi zambiri ndi kutopa ndi kusokonekera kwa tulo, ndipo zimatha pa masiku ochepa. Pokonza kalendala, siyani masiku 2 pakati pa kufika ndi kuyamba kulemba. Koma zizindikiro izi si zodikira kuti mumalize kaye ndime:

- kutentha thupi mutachokera kudera la malungo, ngakhale munkamwa mankhwala oteteza. Malungo amatha kuyamba patatha masiku 7 chilumidwire kapena masabata angapo pambuyo pake
- mwendo umodzi kutupa ndi kupweteka mutayenda ulendo wautali pandege, makamaka pakabwera kubanika kapena kupweteka pachifuwa
- kutsegula m'mimba kwa magazi, kapena kosaleka
- kulumidwa kapena kukandidwa ndi galu, mphaka, nyani kapena mleme, ngakhale bala likhale laling'ono

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo muuzeni dokotala mayiko onse amene mwadutsamo ndi masiku ake, ngakhale asanafunse. Ngati mukadali kunja, imbirani nambala yangozi ya inshuwaransi yanu musanavomere chithandizo chodula, ndipo musanagule inshuwaransiyo onani ngati imateteza munthu amene ali pa ulendo wa ntchito, chifukwa zina zimateteza wopita kutchuthi yekha.

Mkonzi mulembereni mizere itatu muli pamzere wa kuchipatala: kuti mwadwala, kuti nkhani ili pati, ndi tsiku latsopano limene mukuona kuti mungakwanitse. Akadziwa kudakali masiku 5, amasuntha masamba n'kuika nkhani ina pamalopo. Akadziwa m'mawa wa tsiku lomwelo, amatsala ndi tsamba lopanda kanthu ndipo makina osindikizira akudikira.